Kudziletsa, Kuyenda ndi Mtendere wa Mumtima

Lilongwe ndi mzinda wotambalala. Likulu la dziko lino litasamuka ku Zomba m'chaka cha 1975, zinthu zinaikidwa motalikirana: maunduna ku Capital Hill, mabanki ku City Centre, msika waukulu ku Old Town, nyumba zokhalamo m'ma Area. Chifukwa cha ichi, tsiku la akhristu ambiri a ku Area 10, 12, 43 ndi 47 limayambira pampando wa galimoto, limapitirira pampando wa muofesi, n'kuthera pampando wa pabalaza, foni ili m'manja. Ambiri mwa iwo amadandaula kuti tulo sakupeza, mtima sukuchedwa kupsa, mutu sukugwira zinthu, ndipo zimene analonjeza kusiya pa Lenti azibwerera. Phunziro la sabata ino likuonetsa kuti madandaulo amenewa ndi olumikizana, ndipo kugwiritsa ntchito thupi ndi imodzi mwa njira zophunzirira kudziletsa.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

M'kalata yake kwa Agalatiya (5:22-23), Paulo Woyera akutchula kudziletsa pakati pa zipatso za Mzimu Woyera. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pandime 1809, amafotokoza kuti khalidwe limeneli limathandiza munthu kulamulira zilakolako zake ndi kugwiritsa ntchito zolengedwa pa muyeso woyenera. Chakudya, chakumwa, ndalama ndi kupuma ndi zabwino, koma zikayamba kulamulira mwini wake zimamuwononga.

Pofuna kuti akhristu a ku Korinto amvetse, Paulo anatenga chitsanzo cha othamanga (1 Akorinto 9:24-27). Pafupi ndi mzinda wawo pankachitika mpikisano waukulu wa masewera zaka ziwiri zilizonse, ndipo wopambana ankavekedwa nkhata ya masamba yomwe sinkachedwa kufota. Akorinto ankadziwa mmene othamangawo ankadzimanira zakudya ndi zosangalatsa kwa miyezi yambiri. Mfundo ya Paulo inali yakuti kudziletsa kumachita kuphunziridwa tsiku ndi tsiku, ndipo thupi limaphunzira nawo.

Zimene akatswiri anapeza

Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, akatswiri anatsatira moyo wa ana pafupifupi 1,000 obadwa m'zaka za 1972 ndi 1973. Zotsatira zimene anatulutsa mu 2011 zinaonetsa kuti ana amene ankatha kudziletsa ali aang'ono, pofika zaka 32 anali ndi thanzi labwino, ankasunga bwino ndalama, ndipo ochepa ndiwo anapalamula milandu. Izi zinaoneka ngakhale ataganizira nzeru za mwanayo ndi chuma cha makolo ake.

Kodi kudziletsako kungakule? Mu 2006, Megan Oaten ndi Ken Cheng a ku Macquarie University ku Australia anaika anthu osazolowera masewera olimbitsa thupi pa ndondomeko ya miyezi iwiri. Pomaliza anthuwo ananena kuti achepetsa fodya ndi mowa, akudya bwino, ndiponso akutha kuugwira mtima, ngakhale kuti palibe anawauza kusintha zimenezo. Gululo linali laling'ono, koma mfundo yake ikumveka: munthu akazolowera kudzuka nthawi imene thupi likufuna kugona, amapeza mphamvu yokanira zinanso.

Ubongo nawo umasintha. Mu 2011, Kirk Erickson ndi anzake ku America anayeza anthu achikulire 120. Theka la iwo ankayenda mofulumira katatu pa sabata kwa chaka chathunthu. Mwa oyendawo, chigawo cha ubongo chimene chimasunga zokumbukira chinakula ndi pafupifupi 2 peresenti, pamene mwachibadwa chimachepa munthu akamakalamba.

Chimene chimachitika ndi ichi. Munthu akayenda mpaka kutuluka kathukuta, magazi amafika ochuluka ku ubongo, nkhawa imatsika, ndipo usiku tulo timabwera. Wogona mokwanira amaganiza bwino asanayankhule, asanagule kapena asanabetche pafoni. Wosagona amapsa mtima msanga ndipo amafuna zotsekemera kapena mowa kuti apeze mpumulo. Choncho kudziletsa kumamutulutsa munthu panja kukayenda, kuyendako n'kumubwezera mphamvu yodziletsa.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika kuno

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matenda a shuga ndi kufa ziwalo akusautsa mabanja ambiri a m'tauni. Bambo kapena mayi wodaliridwa akagwa, ana amasowa fizi ndipo achibale akumudzi amasowa mtengo wogwira. Katekisimu, pandime 2288, amanena kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anaikiza kwa munthu kuti azisamale.

Muyeso wake ndi wotani?

Malangizo a WHO a 2020 akuti munthu wamkulu azigwiritsa ntchito thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, pa liwiro loti akupuma mofulumira koma akutha kuyankhula. Mphindi 30 kwa masiku asanu zikukwanira poyambira. Ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika mphindi 60 tsiku lililonse.

Sipafunika ndalama zambiri. Misewu ya m'ma Area imakhala yabata m'mamawa. Ku Lilongwe Wildlife Centre, pakati pa Old Town ndi City Centre, kuli tinjira toyenda m'nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Wogwira ntchito m'nyumba zosanja angathe kukwera masitepe. Kulima dimba kuseri kwa nyumba, kupalasa njinga, kukolopa ndi kuvina mu kwaya zonse zimawerengedwa. Amene amakhala pafupi ndi tchalitchi, monga cha Maula kapena cha St. Patrick's ku Area 18, angathe kusiya galimoto n'kupita ku Misa wapansi pamodzi ndi banja. Woyenda kukadali kamdima avale zowala, ayende moyang'anana ndi magalimoto, ndipo ndi bwino kukhala awiri kapena atatu.

Chogwetsa ambiri ndi kuyamba ndi phuma. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika. Woyamba kumene asankhe nthawi imodzi, akonzeretu nsapato madzulo, ayambe ndi mphindi khumi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Machenjezo atatu

Choyamba, amene ali ndi matenda a mtima, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, komanso amayi oyembekezera, afunse adokotala asanayambe masewera olemetsa.

Chachiwiri, Katekisimu pandime 2289 amachenjeza za kupembedza thupi. Masewera akayamba kulanda nthawi ya Misa kapena ya banja, kudziletsa kwatha kale. Pier Giorgio Frassati wa ku Turin, amene Apapa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, ankakonda kukwera mapiri, koma mphamvu zake ankazithera potumikira osauka kufikira imfa yake mu 1925, ali ndi zaka 24.

Chachitatu, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa si umboni wa kuchepa kwa chikhulupiriro kapena ulesi. Kuyenda kumathandiza, koma sikulowa m'malo mwa chipatala. Munthu amene watha masabata awiri osasangalala ndi chilichonse, kapena akuganiza zodzipha, aperekezedwe msanga kwa achipatala. Thandizo lilipo ku Bwaila, ku Kamuzu Central, ndi kwa a St. John of God ku Area 43.

Mafunso okambirana pa Mphakati

1. Ndi chizolowezi chiti chimene chikulamulira mabanja ambiri m'dera lino: foni, mowa, kubetcha kapena kudya mopitirira muyeso?

2. Kodi ana a m'mipanda amapeza nthawi ndi malo osewera tsiku lililonse? Nanga antchito a pakhomo ndi alonda, amene ambiri amayenda kale mtunda wautali kuchokera ku Kauma kapena ku Mtandire, amapatsidwa nthawi yopuma?

3. Ndi tsiku liti ndi ola liti limene Mphakati ungayambe kuyenda pamodzi, ndipo ndani adzagogoda pageti la wokalamba kapena wofedwa kuti naye apite nawo?