Malangizo kwa Amisiri a Makina a Tiyi

Malangizowa ndi a inu amisiri a m'mafakitale a tiyi ku Thyolo, kuyambira ku Satemwa kufikira ku Makandi ndi ku Conforzi.

Pamene fani yaikulu yofotetsa masamba iyamba kunjenjemera, mabawuti namasuka, mabering'i natentha, dziwani kuti kawirikawiri mbali imodzi yalemera kuposa inzake, kaya chifukwa cha fumbi la tiyi lomata pa mapiko, kaya chifukwa cha phiko lopindika kapena lodyeka. Mbali yolemerayo imakoka shafiti kamodzi pa kuzungulira kulikonse, ndipo liwiro likachuluka kawiri, mphamvu ya kukokako imachuluka kanayi.

Chotero zimitsani magetsi ndi kukhoma switchi, chotsani lamba, pukutani mapiko onse, ndipo muizungulitse faniyo ndi dzanja; ikaima, lembani ndi choko malo amene ali pansi. Mukabwereza kangapo, chizindikirocho nichibwerera pansi pomwepo, mwaipeza mbali yolemera, ndipo mmisiri wodziwa amangirire kachitsulo kolinganiza ku mbali yoyang'anizana nayo.

Musazengereze, abale, pakuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.