Kodi Dzuwa Laonjeza Moto? Phunziro la Kuyesa Mfundo

Phunziro la mwezi uno silifuna khasu. Tidzayesa mau a munthu monga timayesera mbeu tisanabzale. Funso lake nali.

Mlimi wina akuti: "Dziko latentha, sindikana. Koma kutentha konse kumacokera ku dzuwa. Cotero dzuwa ndilo laonjeza mphamvu, ndipo utsi wa malasha ndi mafuta ulibe mlandu." Mwa mfundo zinai izi, zonse zili zoona, ndi iti imene ifooketsa kwambiri ganizo lake?

(a) Caka ca 2024 cinatentha koposa zaka zonse zimene zinayesedwa cisanafike.
(b) Mu Febuluwale 2024 boma la Zambia linalengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse.
(c) Kuyambira 1950 kufikira kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, pa mbali yaikulu ya mtunda wa dziko lapansi, kutentha kwa usiku kunakwera pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kwa usana.
(d) Mwezi wa Juni umabwerabe ndi cisanu coopsa m'madambo ena.

Musathamangire kusankha. Yambani mwalekanitsa cimene mlimiyo waona ndi cimene wagamula. Waona kuti kwatentha, ndipo adziwa kuti dzuwa ndilo gwero la kutentha. Zonsezi n'zoona. Koma pakati pa zimenezi ndi cigamulo cake pabisala ganizo limene sanalichule: lakuti cinthu cimatentha kokha ngati moto waonjezedwa. Mai aliyense wophika nyemba angamutsutse. Akavundikira mphika, madzi amawira msanga, nkhuni zili zomwezo. Yankho labwino liyenera kutithandiza kusiyanitsa moto woonjezedwa ndi mphika wovundikiridwa.

Mfundo (a) siisiyanitsa kanthu, pakuti mwini wake wavomera kale kuti kwatentha. Mfundo (d) ilimbana ndi zimene iye sananene, ndiponso usiku umodzi m'dambo limodzi sungaweruze zaka makumi anai za dziko lonse. Ambiri amakodwa pa (b), ndipo m'pomveka: cimanga cinauma cisanabereke, madzi a Kariba anatsika, magetsi anasowa. Koma kuwawa kwa mfundo sikuipatsa mphamvu. Cilala cija, cimene cinadza ndi El Niño, cionetsa zimene zinatigwera. Siciloza cimene cikutenthetsa dziko.

Yankho ndi (c), cifukwa usiku dzuwa kulibe. Likanakhala kuti laonjeza mphamvu, tikanayembekezera kuona kusintha kwakukulu masana, pamene liwala. Ganizani za usiku wa Juni. Kumwamba kukayera, nyenyezi zonse zili poyera, mlimi wa matimati m'dimba amada nkhawa, pakuti nthaka imataya kutentha kwake konse ndipo m'mawa masamba apsa ndi cisanu. Kukakhala mitambo amagona tulo, cifukwa mitambo imabweza kutentha kumene nthaka itulutsa. Mipweya ina yosaoneka ndi maso imagwira nchito yofanana ndi imeneyi. John Tyndall anaonetsa zimenezi ku London mu 1859, poyesa nthunzi ya madzi ndi mpweya wa carbon dioxide. Mafakitale asanacuruke, mpweya umenewu unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni iliyonse ya mpweya wa mlengalenga. Lero wapitirira 420. Cophimba cacindikala, ndipo cophimba cimagwira nchito usana ndi usiku womwe.

Apa ndipo wophunzira wosamala amadziwikira. Funso linati "kufooketsa", silinati "kuthetseratu mlandu". Mlimi uja angayankhebe. Angati mitambo inacuruka pa zaka zimenezo, ndipo n'zoona kuti mitambo inathandizira kufunditsa usiku ndi kuziziritsa usana. Angati zipangizo zina zoyesera zili m'matauni, kumene makoma ndi miseu ya phula zimasunga kutentha kufikira mbandakuca. Angaonjezenso kuti pa zaka zapafupi usana ndi usiku zakwera pafupifupi mofanana. Cotero (c) ipambana zinzake zitatu, koma payokha siitseka pakamwa pa munthu.

Umboni wolemera uli kwina. Kuyambira 1978 masetilaiti akhala akuyesa mphamvu ya dzuwa kunja kwa mlengalenga. Imakwera ndi kutsika pang'ono pa zaka pafupifupi 11 zilizonse, koma siinakwere monga dziko latenthera. Ndiponso mpweya wa pamwamba kwambiri, kupitirira kumene mitambo ya mvula imafika, wazizira pamene wa pansi pano watentha. Kucepa kwa ozoni kunathandizirako, koma kuzizirako ndiko kumene tingayembekezere ngati kutentha kwatsekeredwa pansi. Moto woonjezedwa ukanatenthetsa pansi ndi pamwamba pomwe.

Nanga za usiku zimkhudza bwanji mlimi? Zimkhudza m'nkhokwe. Masana cimanga cimapanga cakudya m'masamba. Usiku cimapuma monga colengedwa ciliconse camoyo, ndipo popuma cimadya zina mwa zimene cinapanga. Usiku ukafunda cimadya zambiri, njere zimakhwima mofulumira zisanadzaze bwino, ndipo thumba limapepuka ngakhale munda unaoneka wokongola. Akatswiri a mpunga a ku IRRI, ku Philippines, analengeza mu 2004 kuti zokolola za m'cilimwe zinatsika ndi magawo pafupifupi 10 pa 100 pa digiri iliyonse imene kutentha kwa usiku kunakwera. Ciwerengero cimeneco n'ca mpunga ndi ca malo amenewo, musacisamutsire pa cimanga ca ku Petauke kapena ku Lundazi. Mbatatisi nayo imaika bwino usiku ukamazizira, ndipo anankafumbwe amaswana msanga m'nkhokwe yofunda.

Kwa inu amene muli ndi cipangizo coyesera kutentha, nchito ya mwezi uno nayi. Ambiri timalemba ca masana cokha, cifukwa ndi pamene thukuta limatikumbutsa. Lembani mizere iwiri m'buku lanu la munda, wa masana ndi wa m'mamawa dzuwa lisanatuluke. Cipangizoco cikhale pamthunzi, pamalo amodzimodzi, kutali ndi khoma ndi denga la malata, ndipo pambali muzilemba ngati usikuwo kunali mitambo.