Malangizo: Kalavani Ikayamba Kuyenda Mokhotakhota

Malangizo awa ndi a inu okoka kalavani ndi Land Cruiser, Hilux kapena Pajero.

Ambiri amaganiza kuti galimoto yoyendera matayala onse anayi siingagonje kwa kalavani. Mphamvu zokoka ilidi nazo, koma kukhazikika pamsewu ndi nkhani ina. Galimoto zimenezi ndi zazitali, masipuling'i ake nthawi zambiri amakhala ofewa chifukwa anapangidwira misewu ya mabampu, ndipo matayala ake amapindika m'mbali. Kalavani ikakankhidwa ndi mphepo ya chithiraki chodutsa, imagwedeza kumbuyo kwa galimoto, ndipo kugwedezekako kumakula pamene liwiro likukwera, makamaka potsetsereka.

Vuto lalikulu limayambira pa kapakiridwe. Katundu wolemera, monga madzi ndi mabatire, muike pansi, pamwamba penipeni pa matayala a kalavani. Mukaunjika kumbuyo, kutsogolo kumapepuka, ndipo ngozi mwaiyamba nokha. Ku Britain amalangiza kuti chitsulo chokokera chisenze 5 mpaka 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani, komanso kuti woyamba kumene asakoke kalavani yoposa 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yake. Yezani pa sikelo, osangoyerekeza ndi maso. Onaninso mpweya m'matayala onse musananyamuke.

Nanga kalavani ikayamba kukhotakhota? Musaponde mabuleki mwamphamvu, ndipo musamvere aja amati onjezani moto kuti iwongoke. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha. Ikakhazikika, imani pamalo abwino mupakirenso katundu.