Kodi batire la galimoto yamagetsi lifunika kulitenthetsa nthawi yachisanu?

Funso: Wowerenga wina wa ku Liwonde, m'boma la Machinga, akufuna kudziwa ngati batire la galimoto kapena njinga yamoto yoyendera magetsi liyenera kutenthetsedwa lisanatchajidwe m'miyezi ya Juni ndi Julayi, monga zimachitikira ku Norway.

Yankho: Mabatire a lithium-ion, omwe amasunga mphamvu posuntha tizidutswa ta lithium pakati pa mbali ziwiri za batire, amagwira bwino ntchito pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 15 ndi 35. Kukazizira kwambiri, madzi apadera amene tizidutswato timadutsamo amakhuthala, choncho batire limachedwa kudzaza ndipo galimoto imayenda mtunda waufupi. Kutchaja batire kukazizira mpaka pansi pa madigiri 0 kumachititsa kuti lithium aundane ngati chitsulo m'kati mwake, zomwe zimaliwononga mosakonzeka, ndipo n'chifukwa chake galimoto za kumaiko ozizira zimayamba zafunditsa batire zikadali zolumikizidwa ku magetsi.

Ku Machinga ndi ku Balaka, ngakhale mphepo ya mwera itaomba chotani, chisanu sichifika pamenepo, motero kutenthetsa batire n'kosafunika. Choopsa chenicheni ndi kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa cha Shire, komwe kumakalambitsa batire msanga. Mwini galimoto ayenera kuiimika pamthunzi, kudikira kuti batire lizizire akangofika paulendo wautali, kenako n'kulitchaja madzulo kapena m'mamawa, pakuti batire ndi chiwalo chokwera mtengo kwambiri pa galimoto yotere.