Ovaholo yako yoyamba: zoyenera ndi zosayenera

Mphwanga, ngati Corolla yako yakale yayamba kufuka utsi ndipo wamanga mfundo yoitsegula wekha, ndakuyamikira. Injini ya 5A-FE, yomwe ili mu AE100 ndi AE110 zambiri zochoka ku Japan za m'ma 1990, ndi yabwino kuphunzirirapo. Ili ndi masilinda anayi, siivuta kuimvetsa, ndipo masipeya ake sasowa. Komabe taona injini zambiri zotere zitagona kuseri kwa nyumba, zofunditsidwa lona, chifukwa mwiniwake anachita phuma n'kumagula zinthu mongoganizira. Mutu uli nawo, ndikudziwa, choncho ndingokutsina khutu.

ZOYENERA

Yeza compression injini isanatsike, poti mwina chatha ndi ma valve seal okha.

Uone mtundu wa utsi: wabuluu ndi oyilo, woyera wosaleka ndi madzi, wakuda ndi petulo wochuluka, ndipo wakudawo kawirikawiri sufuna ovaholo.

Jambula ndi foni paipi iliyonse ndi waya aliyense usanazule, chifukwa pakatha masabata atatu zonse zidzaoneka zofanana.

Mabawuti uwaike m'timajumbo tolembedwa, gulu lililonse pakepake, kuti lalitali lisakalowe pa malo a lalifupi n'kung'amba buloko.

Makapu a kirankishafuti ndi a ma conrod uwandandalike momwe anachokera, poti lililonse linapalidwa kuti likhale pamalo pake pokha, muvi utaloza kutsogolo.

Usanachotse camshaft ya intake, manga kabawuti ka 6 mm pa giya lake, chifukwa giyalo ndi lophatikiza awiri okhala ndi sipuling'i ndipo likamasuka injini idzalira gwedegwede.

Buloko, hedi ndi kirankishafuti upite nazo ku enjiniyaring'i akayeze, ndiwo adzakuuze ngati ukufuna masipeya a saizi ya STD, 0.25 kapena 0.50. Apa ndi pamene ambiri amagwa, ndiye usadumphepo.

Popita kogula, lemba nambala ya chasisi ndi dzina la injini papepala, pakuti wogulitsa wabwino ayamba kufunsa zimenezo.

Nyamula chipangizo chakalecho m'thumba, kaya ukupita ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Malangalanga, kuti ukachiyerekeze ndi chatsopano pakauntala pomwepo.

Maring'i, mabeyaring'i, magasiketi, ma oil seal, timing belt ndi tensioner yake, water pump ndi thermostat ugule zatsopano, poti kuzifikanso kumafuna kuphwasula kachiwiri. Mayina ngati NPR pa maring'i, Taiho pa mabeyaring'i ndi Aisin pa water pump ndi a makampani a ku Japan odalirika.

Funsa lisiti ndipo mugwirizane zobweza usanapereke ndalama, chifukwa ukatuluka pakhomo nkhani imasintha.

Tsuka njira za oyilo ndi parafini, kenako masilinda ndi madzi a sopo mpaka kansalu koyera katuluke koyerabe, uumitse n'kupaka oyilo nthawi yomweyo dzimbiri lisanagwire.

Bwereka torque wrench ngati ulibe, ndipo mabawuti a hedi umange kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, monga likunenera buku la injiniyo.

Ukaika timing belt, zunguza injini ndi manja kawiri, uone ngati zizindikiro zabwerera pamalo pake.

Tsiku loliza, yamba wachotsa mapulagi ndi fyuzi ya EFI n'kuzunguza ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime, kuti mabeyaring'i asayambe ntchito ali ouma.

Sintha oyilo ndi fyuluta ukayenda makilomita pafupifupi 1,000, popeza tizitsulo ta maring'i atsopano timathera mmenemo.

Pezanso makaniko mmodzi wachikulire woti uzimuonetsa pamene wakayika. Paja safunsa anadya phula.

ZOSAYENERA

Usatsitse injini chifukwa wina pa siteji wamvetsera n'kunena kuti yatha maring'i, khutu siliyeza silinda.

Usaphwasulire padothi, makamaka nyengo ya mphepo ya Ogasiti, poti kamchenga kamodzi kokha kakalowa m'beyaring'i kamakanda kirankishafuti yomwe wangoilipirira.

Usakweze injini ndi chingwe chowola kapena pa nthambi yomwe sunaiyese, ndipo usalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha. Izi ndikunena mtima uli m'mwamba, chifukwa anthu amaphwanyika nazo manja ndi chifuwa.

Usasakanize mashimu ndi makapu a mavalavu, pakuti iliyonse ili ndi kunenepa kwake ndipo kubwezeretsa mipata ndi ntchito ya tsiku lonse.

Usakanule hedi ndi sikuludiraiva kapena kuimenya ndi hamala, ndi ya aluminiyamu ndipo chilonda chake gasiketi singachitseke.

Usaipale hedi ndi sandipepa pa simenti poopa mtengo wa sikimu, idzakubwezera ndi madzi osakanikirana ndi oyilo.

Usagule mapisitoni ndi maring'i buloko isanayezedwe, ngakhale ndalama ikukuyabwa m'thumba, chifukwa akaboola silinda za STD zija zasanduka zokongoletsa shelefu.

Usakanene kuti ukufuna "za Corolla" basi. Pisitoni ya 4A-FE ndi ya silinda ya 81 mm pamene ya 5A-FE ndi ya 78.7 mm, koma injini ziwirizi kunja zimafanana ngati mapasa.

Usakhulupirire bokosi, pakuti opanga za feki amadziwanso kusindikiza dzina la Toyota. Mtengo ukatsika modabwitsa, bweza dzanja.

Usagule mabeyaring'i, maring'i kapena gasiketi zochotsa ku injini ina, zinatha kale kutengera thupi la eni ake. Ku galimoto zophwasula kagule alternator, sitata, sampu ndi manifold, zimenezo zilibe mlandu.

Usapake silikoni paliponse ngati ukumata nyumba, wotsalayo amagwera m'sampu n'kutseka sefa ya oil pump, injini n'kunoka ili yatsopano.

Usaike mipata ya maring'i pamzere umodzi, ndipo mbali yolembedwa isayang'ane pansi, apo ayi utsi womwe umathawa uja ubwerera.

Usaonjezere paipi ku sipana kuti bawuti lilimbe kwambiri, likadukira m'buloko ulira.

Usachotse thermostat poti anzako amatero, injini yozizira nthawi zonse imamwa petulo ndipo imatha msanga.

Usabwezere rediyeta yomwe inaboilitsa galimoto osaitsuka kapena kuisintha, chifukwa chomwe chinapha injini poyamba chikadali momwemo. Madzi a pamjigo okhaokha nawonso amasiya dzimbiri, thiramo coolant.

Usaponde moto kuti anthu amve kuti yadzuka, ndiponso usaisiye ikungolira pamalo ola lathunthu, maring'i amakhazikika galimoto ikuyenda mwachikatikati.

Usakwere nayo Chiweta kapena Khwekhwerere itasenza matumba a chimanga sabata yoyamba, idikire idye kaye oyilo wake woyamba.

Usatayire oyilo wakale m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, madziwo amamwa ana a anzako.

Ndipo akakuuza ku enjiniyaring'i kuti buloko yang'ambika, usalimbane nayo, kayang'ane injini ina yochoka ku Japan. Koma usaigule yopanda mapepala kapena yofufutidwa nambala, chifukwa nambala ya injini ili mu blue book ndipo ukasintha uyenera kukalembetsa ku Road Traffic.