PHUNZIRO 17: MFUMU MANASE ATAYA MAFANO

Kuwerenga: 2 Mbiri 33:1-25
Vesi loloweza: 1 Yohane 1:9
Cholinga: Ana adziwe kuti manyazi abisa tchimo, koma kulapa kulitulutsa ndi kulitaya.

Mau kwa aphunzitsi

Werengani mutu wonsewu kawiri kunyumba musanaime pamaso pa ana. Mukatero yang'anani 2 Mafumu 21. Mudzaona kuti buku la Mafumu linena zoipa zokha za Manase, koma buku la Mbiri litiuzanso za kulapa kwake.

Nkhani

Manase anali mwana wa Hezekiya, mfumu yoopa Mulungu. Analowa ufumu ali ndi zaka 12, nalamulira m'Yerusalemu zaka 55, koposa mafumu onse a Yuda. Koma anamanganso misanje imene atate wake anagumula. Anapembedza Baala ndi nyenyezi, anafunsira kwa oombeza, anatentha ana ake m'chigwa cha Hinomu, naimika fano m'Kachisi mwenimweni. Yehova anamchenjeza, iye osamva.

Pamenepo akazembe a Asuri anamgwira, nam'manga ndi maunyolo amkuwa, napita naye ku Babulo. Taganizani manyazi ake! Mfumu yobadwa m'nyumba ya Davide ikokedwa ngati mbuzi ya pamsika, ndipo palibe fano ndi limodzi lomwe loipulumutsa. Akadatha kunena kuti, ndalakwa kwambiri, Mulungu sangandimvere. Koma sanatero. Anadzichepetsa, napemphera, ndipo Mulungu anamva, nambwezera ku Yerusalemu. Atafika anachotsa fano lija m'Kachisi, nataya maguwa achilendo kunja kwa mudzi, nakonzanso guwa la Yehova.

Zofunika kuzindikira

1. Fano n'chiyani? Ana adzayankha kuti ndi mtengo wosema. Athandizeni kuona patali. Katekisma wa Heidelberg, wolembedwa m'chaka cha 1563, pa funso 95 atiphunzitsa kuti fano ndi chilichonse chimene munthu achikhulupirira m'malo mwa Mulungu, kapena pambali pake. Manase sanagwetse Kachisi ai, anangoikamo china. Chomwechonso Mkhristu akhoza kuimba m'kwaya pa Sabata, chithumwa chili m'thumba, nyanga ili kudenga. Kwa wina fano ndi ndalama, kwa wina ndi udindo.

2. Manyazi ali mitundu iwiri. Alipo manyazi abwino amene amgwaditsa munthu pamaso pa Mulungu. Aliponso oipa, onga a Adamu amene anabisala m'mitengo. Akulu anati manyazi adapha lambe. Alipo abale athu amene anapita kukaombeza mwana atadwala, ndipo kuyambira tsikulo sanapondenso pa tchalitchi. Chowatsekereza si Mulungu, koma funso lakuti, anthu adzati chiyani?

3. Kulapa sikuthera pa misozi. Manase anapemphera, pambuyo pake anagwira ntchito ndi manja ake. Munthu wolapa aulula, natulutsa chinthucho, nachitaya. Tikumbukire a ku Efeso amene anatentha mabuku awo amatsenga anthu onse akuona (Machitidwe 19:18-19).

4. Tchimo likhululukidwa, koma chipsera chitsala. Amoni, mwana wa Manase, analowa ufumu ali ndi zaka 22. Anatsata zoipa za atate wake, osatsata kudzichepetsa kwawo. Analamulira zaka 2 zokha, naphedwa ndi anyamata ake m'nyumba mwake. Kuongola mtengo mpoyamba. Chifukwa chake ntchito yanu, aphunzitsi, si yaing'ono.

Chenjezo

Mwina m'kalasi mwanu muli mwana wovala mphinjiri m'khosi kapena m'chiuno. Musamloze chala, musamvule pamaso pa anzake, ndipo musalole ena kumseka. Sanadziveke yekha. Mukamchititsa manyazi lero, Sabata la mawa mpando wake udzakhala wopanda munthu, ndipo mudzatayanso amake. Uzani mkulu wa mpingo wa dera lanu, mupite naye kukacheza ndi makolo mwaulemu. Muwalimbikitsenso kupita ndi mwana ku chipatala akadwala, pakuti nthawi zambiri chithumwa chibadwa ndi mantha a matenda.

Dziyeseninso nokha musanaphunzitse. Ngati chilipo chimene muchibisa, pitani kwa abusa sabata lomwe lino. Yesu ananyamula manyazi athu pa mtanda, ndipo wolapa sabwezedwa.

Mafunso kwa ana

1. Kodi Manase anaika chiyani m'Kachisi?
2. Anachita chiyani ali m'maunyolo ku Babulo?
3. Tidziwa bwanji kuti kulapa kwake kunali koona?
4. Kodi mnzathu akalakwa nabwerera, timlandire motani?

Pemphero

Atate wathu wakumwamba, amene munamva Manase ali m'ndende, mutimvere ifenso. Mutichotsere manyazi otibisa kwa Inu, mutipatse mphamvu yakutaya zonse zimene tazikhulupirira pambali pa Inu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.