Injini Ikawira pa Chikweza

Ana inu, tsekani kaye makope mumvetsere. Amene mwakwerapo minibasi yochokera ku Chikwawa m'mwezi wa Okutobala mukudziwa zomwe zimachitika pa chikweza cha Thabwa: galimoto yadzaza, dzuwa likuswa mtengo, kenako nthunzi tolotolo. Kondakitala amalumpha ndi chigubu kuthamangira ku rediyeta. Pamenepo mpomwe anthu amapsa.

Injini ikamayenda bwino, madzi oiziziritsa amakhala pa madigiri pafupifupi 90. Madzi a mumphika amawira akafika pa madigiri 100 kapena kucheperapo pang'ono kumalo okwera. Koma a mu rediyeta ndi otsekeredwa. Chitsekero chake chili ndi sipuling'i yomwe imawapanikiza, moti atha kufika madigiri 120 osawira. Munthu akangochimasula, kupanikizika kuja kumatha nthawi yomweyo, madzi onse nkuwira kamodzi nkuthovokera kumaso ndi m'manja, ngati botolo la chakumwa cha gasi lomwe mwalikhutchumula. Pa minibasi zambiri za Toyota Hiace injini ili pansi pa mpando wa kutsogolo, choncho nthunziyo imatulukira m'kati mwenimweni. Okwera atsike kaye onse.

Dalaivala wanzeru sadikira nthunzi. Muvi wa geji ya kutentha kwa injini ukayamba kukwera kulowera ku H, amazimitsa choziziritsa mpweya nkuyatsa hita mpaka kumapeto. Inde, hita, ngakhale kunja kukutentha! Imakoka kutentha kwina kuchoka mu injini. Kenako amapatuka pamalo oonekera patali, osati pokhota, nkuyatsa mahazadi ndi kuika matirayango kutsogolo ndi kumbuyo. Pa chikweza, mwala kuseri kwa tayala. Ngati nthunzi yayamba kale kutuluka, injini izimitsidwe pompo.

Tsopano kudikira. Mphindi 30, osachepera, ngakhale okwera adandaule bwanji. Mukatsegula boneti manja atalikire fani, chifukwa fani yamagetsi imatha kudzizungulira yokha injini ili chizimire. Finyani payipi yaikulu ya pamwamba pa rediyeta mutagwira ndi nsanza. Ikakhala yolimba gwa, m'katimo mukadali mphamvu, musatsegule. Ikafewa, phimbani chitsekero ndi nsanza yochindikala, nkhope itayang'ana kumbali, potokolani pang'ono mpweya utuluke, ukaleka kulira mpomwe muchotse.

Chizolowezi chomwe ndimadana nacho ndi chokhuthulira madzi ozizira pamwamba pa injini yotentha. Chitsulo chikazizira mwadzidzidzi chimapindika kapena kung'aluka, ndipo ndalama zokonzetsera mutu wa injini si zamasewera. Thirani madzi mu rediyeta pang'onopang'ono. A pa mjigo atha kukufikitsani kwa makaniko, koma amasiya dzimbiri ndi zokakamira m'timapayipi, choncho mukafika muwachotse muthire madzi apadera oziziritsa injini otchedwa coolant.

Madzi sathera chabe. Suzumirani pansi ngati pakudontha, onani ngati fanibeluti yaduka kapena yakhwefuka. Mwina themositati yakanirira osatseguka. Amakaniko ena amangoichotsa nkuitaya, koma kumeneko si kukonza, gulani ina.

Sololaninso kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo akaoneka wotuwa ngati wasakanikirana ndi mkaka, kapena ku ekizozi kukatuluka utsi woyera wosalekeza, nthawi zambiri ndiye kuti gasiketi ya mutu wa injini yapsa. Galimoto yotero musailizenso, ichite kukokedwa.